Akuti Ndidetse Njoka ya Pamkono Kuti Mwamuna Wanga Alandire Ndodo

Aphungu,

Kalata ino ndi yachitatu. Ziwiri zoyamba ndang'amba chifukwa munali mawu oti simukanawasindikiza.

Ndine mayi wa zaka 41, ndimaphika matamale, zigumu zathu zokulunga m'makoko a chimanga, n'kumagulitsa pamsika kuno ku Cholula. Mwamuna wanga Eleuterio amaumba njerwa. Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo analembetsa dzina kwa akuluakulu a m'dera lathu kuti tsiku lina adzakhale mayordomo wa tchalitchi chathu, adzagwire ndodo yasiliva ndi kusamalira chifanizo cha Amayi Maria chaka chathunthu. Maluwa, makandulo, makombola, oimba, chakudya cha khamu lonse pa chikondwerero, zonsezo zimakhala pamutu pake. Bambo ake anaigwira ndodoyo, agogo akenso anaigwira. Chaka chino dzina lake lafika. Kwatsala milungu itatu, nkhukundembo zanenepa kuseri kwa nyumba, ndiye lero akuti salandira ndodo pokhapokha ine nditadetsa mkono wanga.

Ndiyambe ndi mkonowo. Mwana wathu Yaretzi anabadwa wa miyezi isanu ndi iwiri, mapapo asanakhwime. Ndinakhala milungu isanu ndi umodzi pambali pa kabokosi kagalasi kuchipatala, maso ali pa kachifuwa kake, kuona ngati kakwerenso. Ndinalonjeza kwa Amayi Maria kuti mwana akapulumuka ndidzakwera phiri la mumzinda mwathu muno ndi maondo mpaka kutchalitchi cha pamwamba, ndipo ndinakweradi, zipsera zilipo. Atakwanitsa zaka zisanu, dokotala ananena kuti chifuwa chake chalimba, tisamabwerenso. Mlungu womwewo ndinapita kwa Maurilio, wodinda matatuu.

Maurilio ananditsegulira buku lodzaza njoka za nthenga. Panali ya mano panja imene anyamata a njinga zamoto amakonda kuti azioneka oopsa, ina yoyasamula m'kamwa mukusuzumira nkhope ya munthu, ina ya mutu wamakona yotengera pa miyala yakale. Zonsezo ndinakana. Njoka ya nthengayi ndi mulungu wa makolo athu, dzina lake Quetzalcoatl. Ndinamuuza kuti Quetzalcoatl wolusa sindikumufuna, ndikufuna uja bambo anga ankatiuza, amene amasanduka mphepo n'kusesa njira kuti mvula idutse, amene anabweretsera anthu chimanga. Anandijambulira yotseka pakamwa, yozinga mkono kuyambira pamwamba pa chigongono kukafika paphewa. Thupi la njokayo ndi nthaka, imene tinatsala pang'ono kuikamo mwana. Nthenga ndi kumwamba, ndipo zilipo zisanu ndi ziwiri, mwezi uliwonse nthenga yake. Pakati yafungatira chigoba cha nkhono ya kunyanja chodula pakati, chozungulira chija Quetzalcoatl amavala pachifuwa, chizindikiro cha mphepo. Kwa ine chigobacho ndi mpweya wa Yaretzi, basi. Eleuterio anandiperekeza yekha tsiku limenelo, anakhala pambali panga singano ikuyenda, ndipo analira kuposa ine.

Mwambo wathu ndi wakuti mkazi wa mayordomo ndiye amapukuta ndi kuveka chifanizo. Amuna salowa. Timatseka chitseko cha kachipinda ka kuseri kwa guwa, timapinda manja a malaya mpaka m'mapewa kuti batani lingakande nkhope ya Amayi, ndipo zimene waona m'menemo zimathera momwemo. Wotula udindo amaphunzitsa wolowa. Wotula chaka chino ndi mayi Hermila, amene ananyamula Yaretzi pa ubatizo, moti timatchulana komadre. Lachinayi lapitalo ananditenga kuti akandiphunzitse. Ndinapinda manja a bulauzi popanda kuganiza kanthu.

"Komadre, ichi n'chiyani?" anandifunsa, atabwerera m'mbuyo.

Ndinawafotokozera zonse monga ndakufotokozerani inumu. Anangoti, "Mmm, chabwino," n'kundipatsa thonje ndi madzi a maluwa. Tinaveka Amayi, tinapemphera korona, tinatsanzikana bwinobwino mpaka kupsompsonana m'masaya. Pofika Loweruka nkhani inali m'kamwam'kamwa pamsika, itathiridwa kale mchere. Akuti mkazi wa Eleuterio ali ndi Satana kuchokera paphewa mpaka m'chiuno. Mayi wina wogulitsa tsabola anandifunsa, ali ndi nkhope yachifundo, ngati n'zoona kuti imayenda ndikagona.

Lamulungu Misa itatha akuluakulu anatiitanitsa pakhonde la tchalitchi. Awa ndi amuna amene anagwirapo ndodo, ndipo mndandanda wa maina uli m'manja mwawo. Wamkulu wawo ndi a Casimiro Toxqui. Aphungu, apa ndi pamene magazi anga amawira. A Casimiro ali ndi sitolo m'munsi mwa phiri, ndipo amagulitsamo chiyani kwa alendo? Njoka za nthenga. Zadothi, za pamakapu, za pamalaya, ngakhale pa zotsegulira mabotolo a mowa. Nyumba yawo yosanja inamangidwa ndi njoka yomweyo.

"Mwana wanga," anayamba motero, "tayang'ana pansi pa mapazi a Amayi. Akuponda chiyani? Ndiye mkono wokhala ndi chimene iwo akuponda uziwapukuta kumaso?"

"Imene akupondayo ili ndi nthenga, bambo?" ndinawafunsa. "Ine ndimaona ili ndi chipatso m'kamwa. Yangayi ndi ija mumakulungira alendo m'nyuzipepala tsiku ndi tsiku."

"Za kusitolo ndi malonda. Ine sindinaiike pathupi langa lobatizidwa."

"Koma m'mimba mwanu mobatizidwamo imalowa ndithu, m'mawa, masana ndi madzulo."

Awiri mwa akuluakuluwo anatsokomola pobisa kuseka. Ndikanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma mayi Hermila, amene anali chikhalire pabenchi, anayankhula maso ali pansi ngati munthu woferedwa. "Ine ndinangoopa kuti Amayi angakhumudwe m'nyumba mwawo momwe," anatero. Pamenepo ndinapsa mtima.

"M'nyumba mwawo?" ndinatero ine. "Funsani mwana aliyense wa sukulu kuti mzinda uno unali wa ndani asanamange matchalitchi. Amayiwo amangochita lendi, mwini malo ndi uyu ali pamkono pangayu!"

Mkulu wina anachita chizindikiro cha mtanda. Eleuterio anangoti zyoli, akufinya chipewa m'manja. Kuyambira poyamba mpaka pomaliza mwamuna wangayo sanatulutse liwu ngakhale limodzi, ndipo chimenechi chikundiwawa kuposa zonse za a Casimiro.

Chigamulo chinabwera tsiku lomwelo. Ndikadetse njokayo ndi inki yakuda kapena ndikaiphimbe ndi chithunzi cha maluwa, ndipo mayi Hermila adzaone mkonowo ndi maso awo ndodo isanaperekedwe. Ndikakana, dzina la Eleuterio libwerera kumunsi kwa mndandanda. Bamboyu ali ndi zaka 53 ndipo wameza utsi wa uvuni kuyambira ali mnyamata. Zaka zina khumi ndi chimodzi, tonse tikudziwa tanthauzo lake.

Lolemba masana Maurilio anandiimbira foni ndili pamsika. "Mayi, n'zoona mukufuna ndiiphe? Amuna anu anabwera kudzakulembetserani tsiku la Loweruka, koma ine singano yanga sindiika pa munthu amene sanandiuze ndi pakamwa pake." Ndinasiyira mnzanga mphika wa matamale n'kuthamangira kunyumba.

"Bambo a Yaretzi, mwakonza tsiku la mkono wanga ngati mukukonza tsiku lootcha njerwa? Osandifunsa n'komwe?"

"Make Yaretzi, si inki chabe imeneyo? Mwana ali moyo, akusewera mpira, ukufunanso chiyani? Maurilio akuikira maluwa okongola. Bambo anga anamwalira akundifunsa kuti dzina lafika pati. Ukufuna ndikhale woyamba pamtundu wathu kufa osagwira ndodo chifukwa cha chithunzi?"

"Tsiku lija kwa Maurilio munkalira inki?"

Anatenga chidebe n'kupita kukadyetsa nkhukundembo, ngakhale zinali zitadya kale.

Chiyambire pamenepo sitikulankhulana. Mawu akudzera mwa Yaretzi, amene tsopano ali ndi zaka 14: uwauze amayi ako, uwauze bambo ako. Kusukulu anzake akumutchula mwana wa njoka. Iye amadziwa tanthauzo la nthenga iliyonse chifukwa ankaziwerenga ndi chala ali wamng'ono. Dzulo tikusenda chimanga anandifunsa, "Amayi, zonsezi ndi chifukwa cha ine?" Ndinangomuuza kuti asende mofulumira.

Aphungu, bamboyu ndimamukonda, ndipo ndodoyo nanenso ndimaifuna. Chovala chatsopano cha Amayi ndachisoka ndekha miyezi inayi. Koma ndikaganiza za mayi Hermila akutembenuza mkono wanga ngati nyama ya pabutchala, kuona ngati yafadi, mtima umandiuza kuti ndiphe nkhukundembo zonsezo tidye tokha m'nyumba muno. Wophwanya mwambo ndi iwo, wolangidwa ndine. Wodya njoka ndi a Casimiro, wonyansa ndine. Kodi chilungamo chake ndi chimenechi? Loweruka ndi mkuja. Ndipite kapena ayi?

R. X. C., Cholula

Mayi R. X. C.,

Loweruka musapite. Muimbireni Maurilio lero lomwe, mumuthokoze, ndipo mumuuze afufute tsikulo. Chigamulo cha akuluakulu chingathe kukambidwanso, milungu itatu ndi yambiri. Inki yakuda ikalowa yalowa. Chinthu chosabwezeka sitichita tili okwiya, ndipo inu mwakwiya mpaka pepala lanu likutentha m'manja mwangamu.

Mkwiyo wanu ndikuumva, ndipo mbali yaikulu ndili nanu. Mayi Hermila anatulutsa kunja za m'kachipinda kotseka, chimene mkazi aliyense wovekapo chifanizo amadziwa kuti sichichitika, ndipo anachita zimenezi kwa mayi wa mwana amene anamunyamula pa ubatizo. N'zamanyazi. Za a Casimiro munawayankha kale, ine sindionjezerapo. Eleuterio analakwa kukakonza tsiku la khungu limene si lake.

Tsopano khalani pansi ndikuuzeni zanu. Pakhonde paja munalowa ndi mlandu wa mkono, munatuluka ndi mlandu wa pakamwa. Amayi amene munawakwawira ndi maondo mpaka pamwamba pa phiri, amene mwawasokera chovala miyezi inayi, munawatcha ochita lendi pamaso pa anthu amene atha moyo wawo wonse akuwatumikira. Inuyo mawu amenewo simuwakhulupirira. Munawaponya chifukwa munadziwa kuti alasa, ndipo analasadi. Ndikukayika ngati chigamulo chikanakhala chouma chonchi mukanapanda kuwanena. Mkono wanu ukulipira mlandu wa lilime lanu.

Palinso china. Ndawerenga kalata yanu kawiri kufunafuna pamene munawauza akuluakuluwo za kabokosi kagalasi, za miyezi isanu ndi iwiri, za chigoba cha mpweya. Sindinapapeze. Munauza mayi Hermila okha, ndipo iwo anatuluka ndi njoka n'kusiya mwana m'kachipinda muja. Akuluakulu anamva nthabwala ziwiri ndi chipongwe chimodzi, n'kugamula pa zimene anamvazo. Ndipo tiyeni tinene zoona: zaka zisanu ndi zinayi komadre wanu osaiona njokayo ngakhale tsiku limodzi la dzuwa? Munkaibisa, mayi, chifukwa munkadziwa kuti anthu a kwanu adzaiona ndi maso ena. Mukanapita kwa iwo dzina litangoyandikira, bwenzi nkhaniyi atayamba kuimva kwa inu, osati kwa wogulitsa tsabola.

Ndiye chitani izi. Choyamba, madzulo ano, musanachite china chilichonse, mukhazikeni pansi Yaretzi mumuyankhe funso lake. Mumuuze kuti si chifukwa cha iye, ndi chifukwa cha akuluakulu amene alephera kulankhulana, inu ndi bambo ake muli momwemo. Ndipo mulekeretu kumutuma mawu. Mwanayo si positi ofesi.

Mukatero pitani kwa a Casimiro, kunyumba kwawo osati kusitolo, mutanyamula dengu la buledi ndi kandulo monga timachitira popempha kanthu kwa wamkulu. Kapepeseni mawu a lendi aja. Mawu okhawo, osati mkono. Ndipo mukapepesa musaikeko "koma" kumapeto, ngakhale lilime likuyabweni bwanji. Za makapu ndi zotsegulira mowa zisiyeni pakhomo. Kenako pemphani kuti akuluakulu akhalenso pansi akumveni, ndipo tsiku limenelo afotokozereni monga mwandifotokozera ine, nthenga ndi nthenga, mopanda nthabwala. Ambiri mwa iwo anaikapo mwana m'manda kapena anatsala pang'ono kutero. Akamva.

Kwa mayi Hermila pitani nokha, musawayalutse pagulu. Auzeni kuti mwana wawo wa ubatizo akutchedwa mwana wa njoka kusukulu chifukwa cha mawu awo, ndipo muwafunse kuti achitapo chiyani. Koma akazi ena amene anavekapo chifanizo, akazi a akuluakulu omwewo, muwayendere mmodzimmodzi. Aonetseni mkonowo, ndipo muwafunse ngati chitseko cha kachipinda kaja tsopano chili chotsegula kwa aliyense. Aliyense wa iwo anasiyamo kanthu m'menemo, kaya misozi, kaya chipsera chimene safuna mwamuna wake afunsidwe. Amenewo akakulankhulirani kunyumba kwawo, theka la mlandu latha musanafike pakhonde.

Pitani ndi chopereka m'manja chimene si khungu lanu. Auzeni kuti poveka Amayi mudzimanga nsalu yoyera kuyambira pachigongono mpaka paphewa, kapena ngati zimenezo sizikwanira, mkazi wina wa pabanja panu ndiye azipukuta nkhope, inu muzipereka zovala. Ndikudziwa kuti zikuwawani, mwaidikira ntchito imeneyo. Koma nsalu imamasulidwa chaka chikatha, njoka yanu ili yonse. Wansembe mungathe kumupempha kuti anene mawu awiri oti njoka ya m'munda wa Edeni ndi ina, ya makolo athu ndi ina, koma musamuike patsogolo ngati chishango. Mndandanda suli m'manja mwake, ndipo akuluakulu sakonda kuoneka kuti awongoledwa.

Za Eleuterio, musamuone ngati wamantha chabe. Munthu amene bambo ake anamwalira akumufunsa za dzina akusenza katundu amene inu simukumuona. Mufunseni, ndipo mumumvetsere mpaka amalize. Muuzeni kuti nanunso ndodoyo mukuifuna, chifukwa ndikuganiza kuti chiyambire Lamulungu sanamve zimenezo kuchokera kwa inu. Koma mumuuzenso kuti pa msonkhano wachiwiriwo sakafinya chipewa. Anali pomwepo pamene njokayo inkadindidwa, akudziwa kuti ndi ya chiyani, ndipo akuluakulu ayenera kumva ndi mawu ake kuti mkono umenewo ndi wa mkazi wake ndipo mpweya umenewo ndi wa mwana wake.

Ndikuchenjezeni, mungathe kuchita zonsezi bwinobwino n'kukanidwabe. Akuluakulu ena akagamula amaona kubweza mawu ngati kuvula pagulu. Zikatero, Eleuterio adzaima kumbuyo kwa khamu kuonerera mwamuna wina akulandira ndodo, ndipo mwina sadzaigwiranso. Amenewo adzakhala maliro kwa iye. Musadzayerekeze kuyenda mopambana m'nyumbamo, mudzalire naye.

Ndipo ngati atakanidwa abwereranso kwa inu ndi nkhani ya inki yakuda, musakangane naye. Khalani patebulo anthu atatu. Inu mukhale chete, mkono uli poyera. Iyeyo amuuze Yaretzi ndi pakamwa pake chimene akufuna chidetsedwe, chimene chimaimira, ndi chimene akufuna kusinthanitsa nacho. Ine ndikukhulupirira kuti mawu adzamuthera pakhosi. Koma akadzakwanitsa kumaliza mwanayo akumuyang'ana, kwa Maurilio musapitebe. Pitani kwa amene anakuimirani pa ukwati, chifukwa bambo wotha kuuza mwana wake zimenezo m'maso ndodo yasiliva siingamuchiritse, ndipo inu simuyenera kumugulira ndi khungu lanu.

Aphungu